Noti Yokhota ya Malemu

Kamodzinso anali munthu woti ukamuyimbira nyimbo ya tsiku lobadwa, amathokoza kaye kenako n'kukuuza pamene waphonya. Dzinali anam'patsa ndi anzake a m'gulu lake la jazi, chifukwa ngakhale ayimbe bwino chotani, iye ankakweza chala chimodzi n'kunena mofatsa kuti, "Zili bwino. Kamodzinso." Nyimbo ankapeka yekha, piyano ankayimba yekha, ndipo gulu la anthu khumi ndi mmodzi ankalitsogolera ndi mutu ndi nsidze, manja ali pa makiyi. Luso analidi nalo, palibe ankatsutsa. Koma khutu lomwe linam'patsa ulemu ndi lomwenso linam'gwetsera m'dzenje, ndipo mpaka lero akaikumbuka nkhaniyi amanong'oneza bondo.

Mtima wake unali pa mtsikana wochuna piyano. Kwawo ankamutchula kuti Nsambo, dzina limene malemu bambo ake anam'patsa ali wakhanda chifukwa anali wowonda komanso wolira mokweza. Ntchito anaiphunzira kwa bambo akewo, ndipo ankayendabe ndi chikwama chawo chachikopa chokhala ndi kasipanala, timphira ndi mawaya. Anakumana tsiku limene Nsambo anapeza kapu ya tiyi pamwamba pa piyano ya mu situdiyo.

"Kapu iyi ndi ya ndani?"

"Yanga," anatero Kamodzinso, akudikira kuti mtsikanayo amuzindikire.

"Ndiye mukamwere panja. Piyano si tebulo."

Chiyambireni kutchuka, panalibe amene anamulankhulapo choncho. Anakamwera panja, ndipo pofika Loweruka anali atapempha nambala. Tsopano panali patatha miyezi isanu ndi iwiri, ndipo chimene chinatsala chinali kukadzionetsa kwa mayi ake a mtsikanayo.

*

Chimbale chatsopano anachijambula masiku asanu ndi anayi. Kamodzinso sankafuna zojambula mmodzimmodzi. Gulu lonse linkakhala m'chipinda chimodzi, wina akaphonya onse n'kuyambiranso. Choncho piyano inkafunika kuchunidwa m'mawa uliwonse, ndipo Nsambo ankafika seveni koloko anthu asanabwere. Kamodzinso, amene kale ankadzuka dzuwa litatentha, anasanduka munthu wolawirira. Ankakhala pakona n'kumanamizira kuwerenga mapepala a nyimbo, nthawi zina atawagwira chadodolido.

Akamaliza kuchuna, Nsambo ankayesa piyano ndi kanyimbo kena kakafupi, kodekha, kokwera pang'onopang'ono kenako n'kutsika. Chakumapeto kwake kunali noti imodzi yokhota. Pamene khutu linkayembekeza kuti nyimbo itera pa kiyi woyera, iye ankazengereza pang'ono n'kukatera pa wakuda wa pambali pake.

"Kanyimbo kameneka n'ka ndani?" anafunsa Kamodzinso m'mawa wina.

"Ka bambo anga. Piyano iliyonse ankayesera komweka."

"N'kokoma."

"Ndikudziwa," anatero Nsambo akutseka chikwama. "Chotsa chigongono pa chivindikiro."

Akanafunsa funso limodzi lokha lowonjezera, bwenzi nkhani ino ili yaifupi. Koma sanafunse. Iye anaganiza kuti malemuwo, poti sanapite kusukulu ya nyimbo, anangophonya, ndipo mwana wawo anatengera kuphonyako monga ana amatengera kayendedwe ka makolo. Anakalemba kanyimboko papepala, anakakulitsa, anakagawira malipenga ndi besi, ndipo atafika pa noti ija anaiwongola. Ankafuna ikhale nyimbo yotsekera chimbale, mphatso yachinsinsi yoti akaiyike pamaso pa mayi ake a Nsambo. M'maganizo mwake ankaona kale mayiwo akupukuta misozi ndi kumutchula kuti mwana wanga.

*

Nyimboyi ankaijambula masana, Nsambo atapita kukachuna kwina. Tsiku loyamba lomwe woyimba wa gululo anaimva n'kuikakamira. Ameneyu ankatchedwa Zibangili, chifukwa asanayandikire maikolofoni ankayenera kuvula zibangili khumi ndi ziwiri, chimodzichimodzi, aliyense akudikira. Zaka zitatu zapitazo iye ndi Kamodzinso anali pa chibwenzi. Chibwenzicho chinatha, koma Zibangili ankachitenga ngati changopita kutchuthi.

"Nyimbo yokoma chonchi yopanda mawu? Nkhanza zimenezo," anatero atatsamira piyano. "Ndisiyire, mawa ndibwera nawo."

"Siyofuna mawu."

"Nyimbo iliyonse imafuna mawu. Ndi amuna okha amene amaganiza kuti kukhala chete n'kulankhula."

Mawa lake anabweradi nawo, ndipo tinene zoona, anali mawu abwino. Ankanena za mkazi amene wayatsa nyale pazenera kudikira munthu wochedwa kubwera. Ataiyimba, wa lipenga wina anapukuta maso ndi mkono wa malaya, ndipo kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya gululo, chala cha Kamodzinso sichinakwere.

Wojambula mawu, mkulu wadazi amene onse ankamuti Mabatani, anamuitanira kuseri kwa galasi.

"Akulu, kanyimbo aka ndimakamva m'mawa uliwonse. Mwini wake mwamuuza?"

"Ndikamuuza sikhalanso mphatso."

"Mphatso zina zimafuna kuyesa kaye, ngati nsapato."

"Adzalira ndi chimwemwe. Muona."

Mabatani anangokanda dazi lake n'kubwerera pa makina.

*

Lamlungu masana, chimbale chitatha koma chisanatuluke, Kamodzinso anavala jekete yake yabwino n'kupita kwawo kwa Nsambo. Pabalaza panali mipando yokutidwa ndi nsalu zoluka, kabati ya makapu a alendo, ndi piyano yakale yoimirira, pamwamba pake pali chithunzi cha malemu atavala magalasi okhuthala.

Mayi ake a Nsambo, amene anali telala, anamulandira ndi ulemu wozizira. Mlongo wake wa Nsambo, makaniko wa mabasi, sanavutike n'komwe kubisa zakukhosi.

"Ndiye ntchito yanu ndi chiyani, akulu?"

"Ndimapeka nyimbo, ndimayimba piyano, ndimatsogolera gulu."

"Zimenezo ndamva. Ndikufunsa ntchito."

"Achimwene, chonde," anatero Nsambo.

"Ndikungofunsa. Oyimba timawadziwa. Lero ali pano, mawa ali pachithunzi ndi wina."

"Musiye mlendo amwe tiyi," anatero mayi, osamuyang'ana mlendoyo.

Tiyi atafika theka, Kamodzinso anatulutsa kasipika m'thumba n'kukaika patebulo.

"Mayi, ine pakamwa sindichenjera. Zimene ndabwera kudzanena ndaziika m'nyimbo."

Malipenga anayamba motsitsa. Nsambo anaizindikira pa manoti anayi oyamba, ndipo anaika kapu pansi. Mayi anasiya kutakasa tiyi. Nkhope yawo inafewa, maso anapita pa chithunzi chija, ndipo Kamodzinso mumtima anati zatheka. Kenako kunalowa mawu a Zibangili, okoma, odzikhulupirira, akuyimba za nyale ya pazenera. Makaniko anayang'ana Nsambo. Nsambo anayang'ana pansi. Ndiye nyimbo inafika pamalo paja n'kutera bwinobwino pa kiyi woyera, malipenga onse akuitsindika.

Mayi anaimirira, supuni n'kugwera pa simenti.

"Zimitsani."

Anazimitsa.

"Anakuuzani ndani kuti imatha choncho?"

Apa munthu wanzeru akanapepesa ngakhale asanadziwe mlandu. Koma Kamodzinso anali mphunzitsi mpaka m'mafupa.

"Ndinangoiwongola pang'ono, Mayi. Pamapeto paja pamatsimphina. Ndikuonetseni."

Wina asanamuletse anali atatsegula kale piyano ya malemu. Anayimba mzere womaliza, chala chinatsikira pa kiyi woyera, koma kiyiyo anangoti gu, ngati wagogoda pathabwa. Anamenyanso. Kunali zii.

"Aa, ndiye chifukwa chake," anatero akumwetulira. "Kiyi uyu ndi wakufa, waya anaduka. N'zosavuta izi. Nsambo akhoza kukonza lero lomwe."

M'nyumba ya anthu ochuna piyano mibadwo iwiri, iye ankawadziwitsa kuti waya anaduka. Mayi analowa kuchipinda n'kutseka chitseko mwakachetechete, zimene zinapweteka kuposa kuchimenyetsa. Makaniko anatenga jekete ya mlendo pampando n'kumuikira m'manja.

*

Nsambo anamuperekeza mpaka pageti. Sanalire, ndipo Kamodzinso akanakonda akanalira.

"Kiyi ameneyo ali ndi mawaya atatu," anatero. "Atatu saduka okha tsiku limodzi. Munthu wa piyano ngati inu mukanayenera kudabwa."

Chiyambireni mwezi wachiwiri wa chibwenzi chawo ankaitanana kuti iwe, choncho inu ameneyu anam'lasa pamtima.

"Anadula ndi mayi. Chaka choyamba cha banja lawo, bambo ankayenda ndi mapiyano a anthu, masabata awiri, atatu, osabwera. Akabwera, moni woyamba unali wa piyano ija. Tsiku lina mayi anatopa. Anatenga chodulira mawaya cha bambo omwewo, n'kudula mawaya a noti imene kanyimbo kaja kankathera. Bambo atabwera anakhala pansi, anayimba, anafika pamenepo, zii. Anatembenuka. Mayi anali ataima pakhomo la khitchini, katundu atamanga kale. Bambo anangosuntha chala n'kutera pambali, n'kunena kuti, 'Ndamva.' Kuyambira tsikulo sanathenso sabata kunja. Ndipo mawayawo sanawabwezere, zaka makumi atatu ndi chimodzi."

"Sindinadziwe."

"Simunafunse."

"Ndimafuna kukusangalatsa, Nsambo."

"Mumafuna kundidabwitsa. N'zosiyana. M'mawa uliwonse mumakhala pakona paja, ine ndimati mukumvetsera ine, chonsecho inu mumamvetsera pophonya. Mwatenga noti ya mayi anga, mwaiwongola, n'kupatsa mkazi amene munali naye kuti ayimbe. Pachikuto mwalemba dzina la ndani?"

Pachikuto panalembedwa kuti nyimbo zonse anapeka ndi Kamodzinso, mawu ndi a Zibangili. Za malemu ankati adzanena pakamwa.

"Ndimadziwa," anatero Nsambo. "Pitani bwino."

*

Lolemba Kamodzinso analembera Nsambo uthenga wautali, anaufufuta, analemba wina wofotokoza mmene manoti amayendera, naonso anaufufuta ndi manyazi. Pamapeto anatumiza mawu awiri: Ndinalakwa, pepa.

Uthenga unawerengedwa nthawi yomweyo. Yankho linabwera patatha maola asanu: Piyano ya ku situdiyo azichuna ndi mnzanga wina. Ndamupatsa nambala yanu.

Analembanso: Mayi ali bwanji?

Akusoka, linatero yankho, ndipo pambuyo pake sipanabwerenso kanthu.

Lachiwiri masana Zibangili anam'peza ali yekha mu situdiyo, atakhala kutsogolo kwa piyano yotseka. Anabwera ndi mabanzi komanso khutu lomvetsera, ndipo munthu wosweka mtima amakhala ndi njala ya zonse ziwiri. Kamodzinso anafotokoza, osati zonse, koma zokwanira.

"Ndiye iwe wawapekera nyimbo, iwo akupatsa jekete?" anaseka Zibangili. "Anthu ena ukawapatsa maluwa amayamba kufunsa kumene wathyola."

"Si choncho. Wolakwa ndine."

"Walakwa kukonda anthu osamva nyimbo. Ine ndinaiyimba ndi mtima wanga wonse, koma mpaka pano sindinaimve itamalizidwa. Nditumizire ndizikamvera ndekha kunyumba."

Akanatha kukana. Ayi anali kale pamilomo. Koma kunali kokoma kumva wina akuyamikira nyimbo imene inam'chititsa manyazi, ndipo kukoma kwa mphindi imodziko ndi kumene kunam'gonjetsa. Anatenga foni n'kutumiza.

"Ndi ya iwe wekha," anatero.

"Nanga ndingapatse ndani?" anayankha Zibangili, zibangili zikulira pamene ankaponya foni m'chikwama.

*

Lachitatu Kamodzinso anauza Mabatani kuti chimbale chiime kaye. Nyimbo yotsekera ichotsedwe, ajambula ina, piyano yokha, yokhala ndi noti ya malemu ndi dzina lawo pachikuto. Anayesa maulendo khumi ndi anayi, ndipo ulendo uliwonse noti yokhotayo inkamveka ngati chala chaterereka. M'manja mwa Nsambo inkamveka ngati munthu akupepesa, koma m'manja mwake inkangomveka kulakwitsa.

"Chikundisowa n'chiyani?" anafunsa, mutu utaima.

"Bwerani kuno mumve," anatero Mabatani.

Anadina batani, ndipo m'masipika munatuluka kanyimbo kaja, koyimbidwa ndi dzanja limene Kamodzinso akanalizindikira pakati pa manja chikwi. Kumapeto kunamveka chikwama chikutsekedwa, ndi mawu akuti chotsa chigongono pa chivindikiro.

"M'mawa ndimayesa maikolofoni, ndiye zimajambulika. Ndili nazo zisanu ndi zinayi. Tingoikapo imodzi, nkhani yatha. Akamva dzanja lake lomwe pa chimbale, mtima ukhala pansi."

Kamodzinso anapempha kuti aibwereze, ndipo anamvetsera ali chitsinzinire. Anam'sowa kwambiri mtsikanayo. Chiyeso chinali chachikulu ndithu.

"Ayi," anatero. "Kumeneko n'kutenganso osapempha. Zisungeni, ndi zake. Ndikafunse kaye."

"Mwayamba kukula, akulu," anatero Mabatani.

*

Lachisanu masana Kamodzinso anapitanso kwawo kwa Nsambo, ulendo uno wopanda jekete. Anapeza mayi ali pa makina osokera pakhonde, mapini ali pakamwa. Anaima pageti mpaka miyendo kuwawa, iwo akusoka ngati sanamuone. Kenako anachotsa mapiniwo amodziamodzi.

"Nsambo kulibe."

"Ndabwera kwa inu, Mayi. Sindinabwere kudzafotokoza. Ndinatenga chinthu chanu osapempha, ndinachiwononga, kenako ndinakuphunzitsani za piyano yanu m'nyumba mwanu. Manyazi andigwira sabata yonse."

Mayi anamaliza mzere umene ankasoka, anadula ulusi, n'kumuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu monga amayang'anira munthu wofuna kumuyeza suti.

"Mwamuna wanga nayenso anali wamakani," anatero. "Lowani."

Pabalaza anasuntha chithunzi pang'ono n'kutsegula piyano.

"Chimwalirireni iye sindinaigwire. Ndipo ine sindine woyimba, ndimadziwa kokhaka, ndi dzanja limodzi. Yang'anani chala, musamvetsere."

Anayimba pang'onopang'ono, zala zolimba ndi singano zikufufuza makiyi. Atafika pamalo paja, chala sichinadumphe. Chinatsikira kaye pa kiyi wakufa, gu, chinakhala pamenepo kamphindi, kenako n'kusunthira pa wakuda.

"Mwaona? Simulambalala. Mumayamba mwagogoda pakufapo, mumve kuti palibe, ndiye muzisuntha. Ngakhale pa mapiyano a anthu, iye ankagusa kiyi woyerayo osamuliza. Ankati akatero amakumbuka kuti kunyumba kuli munthu."

M'mawa uliwonse pakona paja, kuzengereza kwa Nsambo Kamodzinso ankakuyesa kukayika, osadziwa kuti ndiye nyimbo yeniyeniyo.

"Yesani," anatero mayi, akumusunthira pampando.

Anayesa. Chala chinagogoda pakufa, chinadikira, chinasuntha, ndipo kwa nthawi yoyamba notiyo inamveka yoongoka m'manja mwake.

"Mwathamanga. Kamodzinso," anatero mayi, osadziwa kuti atchula dzina lake.

Anabwereza katatu. Ulendo wachitatu mayi anapukuta diso ndi kansalu koyezera kamene kanali paphewa.

"Mwana wanga sakudya bwino sabata ino, ndiye ndikudziwa kumene mtima wake uli. Ine sindikukanizani. Mlongo wake ndilankhula naye. Koma ndikupempha chimodzi. Ija munabwera nayo, ya mkazi uja, isamveke kwina. Noti imeneyo sinalire m'nyumba muno zaka zonsezi. Sindikufuna ndikaimve mumsewu."

"Siimveka, Mayi. Ndaichotsa kale. Ndikulonjeza."

Polonjezapo anakumbukira zimene anatumiza Lachiwiri lija, koma anazikankhira pambali. Paja Zibangili anavomera kuti ndi ya iye yekha.

Chitseko chinalira. Nsambo anali ataima pakhomo, chikwama chili paphewa, akuyang'ana mayi ake ndi mwamuna uja atapanikizana pa kampando ka piyano ngati ana asukulu. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako pakona pa milomo yake panagwedezeka.

"Chotsa chigongono pa chivindikiro," anatero.

Kamodzinso anachichotsa mofulumira, ndipo akanakhala yekha akanalira.

*

Chimwemwecho sichinakwane ngakhale nthawi yowiritsa madzi a tiyi. Geti linatseguka mwaphokoso, ndipo makaniko analowa ndi ovololo yake ya mafuta, foni ili m'manja, wailesi ikulira.

"Mayi, mverani izi. Galaja yonse yamva."

M'kafoniko munali malipenga. Munali nyale ya pazenera. Nyimbo inali itafika kale kumapeto, ndipo onse anayi anaimva ikutera pa kiyi woyera, mokweza, mwachimwemwe. Kenako muulutsi anati ali ndi woyimba wake mu situdiyo, n'kufunsa kuti nyimbo yokoma chonchi inabwera bwanji.

Kunamveka kuseka, ndi zibangili.

"Anandipekera ine," anatero Zibangili. "Tinasiyana kale, koma mukudziwa, pali anthu ena amene nyale yawo siizima. Mumve pamapeto paja, pamene ikutera bwinobwino. Pamenepo ndi pamene akundiuza kuti wabwerera."

Makaniko anazimitsa.

Mayi sanakalipe. Anayang'ana kiyi wakufa uja, n'kumusisita ndi chala.

"Nsambo, m'chikwamamo muli mawaya atsopano?"

"Alimo, Mayi."

"Bwezera. Chinali cha ine ndi bambo ako, tsopano chili m'mabasi, chili ndi mwini wina. Ikhale piyano ngati zina zonse."

"Mayi, chonde," anatero Kamodzinso. "Ndipita pompano kukaletsa. Ndikanena pa wailesi pomwepo kuti ndi ya malemu."

"Mukanene kuti chiyani? Kuti mkazi wina anadula mawaya chifukwa mwamuna wake sankabwera kunyumba? Zimenezonso zikamveke m'mabasi?"

Mayi anadzuka n'kubwerera pakhonde, koma makina osokera sanamveke.

Nsambo anachotsa chithunzi cha bambo ake n'kuchiika patebulo. Anatsegula thabwa la kutsogolo kwa piyano, anagwada, anatulutsa mkombero wa waya ndi kasipanala. Analankhula osatembenuka.

"Ndisanamange waya uyu, undiyankhe chimodzi. Ngati anaba ku situdiyo, undiuze, ndibweza zonsezi m'chikwama, mayi ndiwanyengerera. Anaipeza bwanji?"

Bodza linali pafupi, lopepuka, ndipo Mabatani akanam'bisira. Nsambo mwiniwake anali atam'tsegulira khomo. Kamodzinso anayang'ana chithunzi chili patebulo, bambo wa magalasi okhuthala amene anapepesa ndi mawu amodzi n'kuwasunga zaka makumi atatu ndi chimodzi.

"Ndinamutumizira ndine. Lachiwiri."

"Lachiwiri," anabwereza Nsambo. "Mutamva kale nkhani ya mayi anga."

"Inde."

Nsambo anagwedeza mutu pang'ono, n'kuyamba kumasula waya. Makaniko anatsegula chitseko n'kuima pambali. Ulendo uno panalibe ngakhale jekete yoti amupatse.

Kamodzinso anatuluka, koma sanapitirire geti. Anaima pamenepo dzuwa likupendeka. Foni inanjenjemera m'thumba, ndipo unali uthenga wa Zibangili: Wamva? Anthu akuimba foni osaleka. Mawa akufuna tonse awiri pa wailesi, ndavomera kale.

Anabwezera foni m'thumba. M'nyumba muja kiyi wakufa anayamba kulira, motsika, mosalongosoka, kenako n'kumakwera pang'onopang'ono pamene kasipanala kankazungulira. Khutu lake, limene silidziwa kupuma, linatsatira notiyo likufuna kuti iime panjira. Siinaime. Inafika pamalo pake, yoyera, yolondola, monga momwe iye ankafunira. Kenako wina anatseka zenera.